Amphaka a Tadala ndi timibulu ta ku Chipata

Lolemba

AMbewe amuna anga, lembani monga ndikunenera. Musakongoletse, musadule. Ine sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma mutu ulipo. Inu munali kalaliki pa esiteti ya fodya. Dzanja ndi lanu, mawu ndi anga.

Lembani kuti lero m'mawa kwafika mwana wathu Tadala, nesi wa ku Mchinji boma. Nesi weniweni, wa wotchi pachifuwa, amene ndinamuphunzitsa ndi mtedza wa m'munda mwanga. Wabwera pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga dengu lotseka. Ine kuganiza kuti ndi nkhuku zachizungu. Kutsegula: amphaka awiri!

Akupita ku Lilongwe ku maphunziro a sabata imodzi. Anansi ake ku boma ali ndi agalu. Akuti, "Amayi, palibe wina amene ndingamusiyire. Ndinu nokha." Mawu amenewo muwalembe bwino, aoneke.

Amphakawa ali ndi maina ngati anthu. Wonenepa, wotuwa, wamkazi, ndi Matironi, chifukwa amayenda akusuzumira m'makona ngati akufuna womukalipira. Woonda, wakuda, ndi Jekeseni. Chifukwa chake ndachidziwa kale, onani mkonowu.

Zimene wasiya:
Chitini chachikulu, chimene kale munali mabisiketi, chodzaza timibulu tofiirira, tating'ono ngati manyi a mbuzi. Ndicho chakudya chawo. Chimachokera ku Chipata, amamugulira mayi wina wa geni yodutsa malire. Kakapu kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Wayeza tokwana masiku asanu ndi awiri, osapitirira.
Beseni la mchenga. Chimbudzi chawo. M'nyumba!
Kope lino, loti tizilembamo zimene adya tsiku lililonse, monga amachitira ndi odwala.

Zoletsedwa:
mchere
anyezi
mafupa
mkaka
makoswe
kutuluka panja

Makoswe! Nanga ntchito yawo n'chiyani? Sindinafunse. Mwana wophunzira sumufunsa mafunso pamaso pa munthu wa njinga.

Tsopano lembani mantha anga. Nkhalamba ngati ine, pamudzi pano pa Mkanda, kusunga amphaka m'chipinda chogona, wina wakuda bii, kumawaitana maina, kumawapakulira m'mbale. Tonse tikulidziwa dzina limene anthu amapatsa nkhalamba yotere. Zaka zonsezi ndavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, palibe anandilozapo chala.

Ndiye pulani ndi iyi. Amphaka akhala m'chipinda, chitseko chotseka. Pamudzi pano asadziwe munthu. Lamulungu ndiwabweza ali onenepa, Tadala ndimuphera tambala wofiira uja, nkhani yatha.

Madzulo. Alowa pansi pa bedi, maso okha kung'anima. Timibulu osatiyandikira. Ndaganiza: mlendo sadya m'nyumba yachilendo mwininyumba asanalawe. Ndi mwambo wathu, kuchotsa ufiti. Ndagwada, ndatola kamodzi, ndatafuna iwo akuona.

Lembani zoona. N'tokoma. Ngati matemba ootcha atasakaniza ndi chimanga chokazinga, koma osapweteka mano. Ndalawa kachiwiri chifukwa poyamba Jekeseni anali atayang'ana kukhoma.

Atuluka. Adya!

Lachiwiri

Adya m'mawa, kakapu konse. Ndalawanso kaye. Mwambo suusiyira panjira.

Matironi wagona pa jekete la kutchalitchi la aMbewe. AMbewe akuopa kumuchotsa. Akuti akawayang'ana amakumbukira mzungu wa pa esiteti.

Tsoka lafika cha m'ma teni. Ndatulutsa chitini pakhonde kuti ndione poyera ngati mulibe anankafumbwe. Kuti udziwe bwino umayenera kuluma. Mkamwa muli tho, ndangomva, "Odi kuno!"

ANachisale.

Lembani kuti aNachisale ndi wapampando wa amayi a Lachinayi kumpingo kwathu. Maso awo amaona ngakhale za m'thumba lomanga. Mwana wawo ndi kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe, koma akamamunena mungayese amayendetsa ndege. Abwera kudzandikumbutsa kuti mkumano wa sabata ino uli kwathu kuno. Ndati ndingaiwale bwanji. Ndinaiwala.

Munthu akakupeza ukudya, umatani? Mkamwa sungabise. Sunganene kuti pepani, ndikudya za mphaka. Ndati, "Tiyeni tilawe." Ndimayesa akana kaye monga achitira anthu aulemu, ine n'kutseka chitini msanga. Sanakane.

"Ii, amake Tadala! Timeneti n'chiyani?"

Pakamwa panga payankha pokha, osandifunsa. Timabisiketi ta ku Chipata, topatsa mphamvu, wabweretsa nesi.

Dzanja loyamba. Lachiwiri. Dzanja lachitatu amanga pansonga ya chitenje, akuti akalawitse mpongozi. Mpongozi wawo Eliza ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno!

Nthawi yomweyo Jekeseni m'chipinda: nyaaawu. AMbewe, Mulungu awakumbukire, akhosomola ngati thirakitala yakale. ANachisale akuti, "Chifuwa chimenecho si chabwino, chikulira ngati mphaka. Muli ndi nesi m'nyumba, bwanji osawapima?"

Apita akutafuna.

Kope lino Tadala saliona. Ndanena. Tidzamulembera lina loyera Loweruka. Lino ndi langa, kuti zikavuta anthu adzadziwe kuti sindinachitire dala.

Mantha a lero: kodi munthu akadya za mphaka amatani? Ine ndadya masiku awiri. Ndadziyang'ana pagalasi. Ndevu ziwiri za pachibwano zija, aMbewe akuti zinalipo kale. Anena osayang'ana.

Lachitatu

Chitini chafika pakati, chikhalirecho lero n'Lachitatu chabe. ANachisale anatapa katatu basi. Ine ndimangolawa. Tinato tapita kuti?

Ndapeza. Thumba la malaya a munthu wina, amene akulemba kope lino, likulira tswatswa akamayenda. Lembani, musadumphe. Akuti amangondithandiza kuchotsa ufiti. Ufiti wake wochuluka bwanji?

Mchenga wa m'beseni wafunika kusintha. Ndapita kukatapa kumtsinje ndi ndowa. Anthu atatu andifunsa ngati tikumanga. Ndati inde, nesi akufuna kutiikira simenti pakhonde. Mabodza akuswana ngati mbira.

Pobwera ndakumana ndi aNachisale akuchokera kudimba, mtolo wa mpiru pamutu, ndodo yawo yoyendera palibe. Akuti mawondo amene akhala akuwavuta chiyambire kukumba mtedza chaka chatha apepuka usiku umodzi. Auza kale amayi onse kumjigo. "Mawa musavutike n'kuphika, amake Tadala. Tiyi ndi timabisiketi tija, basi."

Ndathamangira kunyumba, mchenga ukutayika m'ndowa.

Pulani yatsopano. Timibulu totsala tibisidwe. Amphaka ayambe kuzolowera zakudya zakuno, kuti tochepato tifike Lamulungu.

Zimene ndayesa lero:

Phala la mgaiwa, lopanda mchere. Matironi walinunkhiza, wandiyang'ana ngati ndamutukwanira makolo.

Soya pisi. Wayamba kukanda pansi kuti akwirire, monga achitira akadzithandiza. Ndiwo zimene ife timadya pa tsiku labwino!

Mbatata yophika. Jekeseni waisandutsa mpira, ili pansi pa kabati.

Usipa. Apa ndavutika. Tadala waletsa mafupa. Kodi usipa uli ndi mafupa, kapena usipawo ndiye fupa? Ndakhala pamkeka ndi singano, kuchotsa minga kamodzikamodzi. Ukachotsa minga pa usipa pamatsala maso. Jekeseni wadya masowo. Patapita kanthawi wawabweza onse mu nsapato ya aMbewe, ya kumanja.

Mbewa. Iyi ndi nzeru ya aMbewe. Akuti Tadala waletsa makoswe, akuba a m'nyumba, koma mbewa za kumunda ndi ndiwo zaulemu. Agula ziwiri zofutsa pamsewu. Ndaika m'mbale. Matironi kungoona mchira, ulendo pamwamba pa kabati, ubweya uli njo. Mphaka kuthawa mbewa, yakufanso! Dziko lapita. Mbewazo zathera kwa mwini nzeru.

Madzulo ndawapatsa theka la kakapu. Akhala pansi onse awiri, kundiyang'ana, mpaka ndawonjezera.

Mantha a lero: Eliza. Akuti wadya tonse ta pachitenje tija, akufunanso tina. Chimene mayi wadya, mwana wadyanso, zimenezo sizifuna sukulu. Akabadwa ndi makutu osongoka adzafunsa yani? Ine.

Lachinayi

M'mamawa chitini ndachikwirira m'thumba la mtedza wosasenda, kukhitchini. Ndaphika mbatata, ndakazinga mtedza, zitumbuwa beseni lonse. Munthu akhute asanakumbukire.

Kunja kuli mphepo, ndiye mkumano uchitikira pabalaza, mkono umodzi kuchokera pachitseko cha chipinda. AMbewe ndawatsekera m'chipindamo ndi amphaka ndi wailesi. Ntchito yawo ndi imodzi: mphaka akalira, akweze wailesi.

Abwera amayi khumi ndi mmodzi. Masiku ena amabwera asanu. Eliza yemwe, mimba patsogolo, iye pambuyo.

Nyimbo. Pemphero. Kenako aNachisale aimirira kuti aphunzitse. Mutu wa phunziro: umbombo. Munthu amene Mulungu wamupatsa mwana wa ntchito yabwino, iye n'kubisa madalitsowo m'thumba. M'thumba! Adziwa bwanji? Maso onse pa ine. Zitumbuwa palibe wazikhudza.

Ndanyamuka ndekha. Ndapita kukhitchini. Ndafukula.

Chivundikiro cha chitini chimenechi chikamatseguka chimalira pho. Amphaka amalidziwa liwu limenelo kuposa maina awo. M'chipinda mwabuka maliro. AMbewe akweza wailesi, mwatuluka mitengo ya fodya ku okushoni, koma Jekeseni akuiposa. Ine ndayambitsa kolasi, yamphamvu, yowomba m'manja. Amayi alandira, pakamwa podzaza. Mawu osamveka, kumangomveka kukutu, kukutu.

Ndiye ndikuona. Pansi pa chitseko patuluka mwendo wotuwa, ukupapasa simenti. Matironi! Ndavina chobwerera m'mbuyo mpaka ndakhala pansi pomwepo, kutseka mpata ndi chitenje. Zikhadabo zalowa malo amene sinditchula. Ndaimba kolasi yonse, n'kuibwereza. Amayi akuti sanandionepo nditakhudzidwa chotere, mpaka misozi.

Chitini achizungulitsa kawiri. Achipukuta ndi chala. Eliza wapempha fumbi la pansi, waligugudira m'manja, wanyambita.

Zotsala:
chitini
fungo
zitumbuwa zonse

Potuluka aNachisale andigwira phewa. "Mwaona, mtima umapepuka ukagawa."

Madzulo amphaka adya timibulu totola pamkeka, tosadzaza n'chikhato chomwe, ndi tina totuluka m'thumba la aMbewe atalumbira kale kuti mulibe. Alumbiranso kuti tsopano ndiye atha. Lembani kuti mwalumbira.

Lachisanu

Sanadye. Matironi wagona pambali pa chitini, akuchinyambita kunja. Jekeseni akunditsata kulikonse m'chipinda, osalira, kungoyang'ana. Kulira kukanakhala bwino.

Ndamunyamula Matironi kuti ndimve kulemera kwake. Wapepuka? AMbewe akuti mphaka sangaonde usiku umodzi. Nanga mawondo a aNachisale sanachire usiku umodzi?

Mphaka amakhala masiku angati osadya asanafe? Ndikamuuza chiyani mwana wanga? "Ndinu nokha," anatero. Odwala a boma lonse amawasunga amoyo, mayi ake alephera amphaka awiri.

AMbewe apalasa njinga kupita kumsika wa pa Mkanda. Ndawalangiza bwinobwino: musanene kuti n'za ife, muziti akutumani anthu a ku boma. Golosale yoyamba aseka. Yachiwiri aitana anzawo kuti adzamve okha. Wa sitolo ya mbewu ndi feteleza akuti, "Madala, chakudya cha mphaka chili m'nkhokwe mwanu, chimayenda chokha." Abwerako ndi chakudya cha nkhuku zoikira mazira. Akuti n'chimodzimodzi, zonse ndi ziweto. Amphaka sanachiyang'ane n'komwe. Wadya ndi tambala. Tsopano msika wonse ukudziwa kuti aMbewe akusaka chakudya cha mphaka. Nkhani ya pamsika imafika kumjigo tsiku lachiwiri.

Masana ndakwera pachulu cha kuseri kwa nkhokwe, pamene foni imagwira. Tadala: "Ana anga ali bwanji?" Ana! Ndati ali bwino, akusewera. "Timibulu tikwana?" Ndati tilipo tambiri. Mabodza awiri mpweya umodzi, nditaima pamalo okwera pamene kumwamba akundiona bwino.

Ndafunsa mozungulira. Ndati tiyerekeze munthu wina, osati wakuno, wadya timeneti mwangozi. Waseka. "Angadye ndani, amayi?" Ndati palibe, ndi abambo ako amene amafunsa zopanda pake. Asanayankhe foni yayamba kudukaduka. Ndangotolapo izi: "Timibulu tikatayika, muwaphikire nkhuku m'madzi okha, muchotse mafupa." Yazima.

Nkhuku. Zathu zinatha ndi chitopa. Watsala tambala wofiira yekha, amene ndakhala ndikumusungira Tadala chiyambire Isitala. Ndatsika pachulu, tambala ali pomwepo, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Chakumadzulo kwabwera uthenga. Eliza amutengera kuchipatala pa ngolo, nthawi yakwana. Tsiku limodzi chinyambitireni fumbi lija!

Mantha a lero sakukwana pa tsamba:
amphaka afa
Eliza
mwanayo
msika
aMbewe

Inde, inuyo. Masana munagona padzuwa mutadzipinda. Podzuka munadziwongola msana nthawi yaitali, manja patsogolo. Mukuti ndi njinga. Lembani kuti ndaona.

Loweruka

Tambala wapita. Ndinamupepesa kaye.

Chibadwire sindinaphikepo nkhuku chonchi. Mchere ayi, anyezi ayi, tomato ayi, mafuta ayi. Madzi okha! Yatuwa mumphika ngati munthu wogonekedwa. Amayi anga akanaona akanandibweza kuchinamwali.

Nyama ndainyotsola ndi zala, kusaka kafupa kalikonse, monga ndinkachitira Tadala ali wamng'ono. Ndalawa kaye. Zosakoma. Ndaika mbale pansi. Ndagwada. AMbewe nawo agwada, mafupa kulira.

Jekeseni wanunkhiza. Wachoka. Wazungulira bedi. Wabwerera. Wadya! Matironi wamukankha ndi phewa, wamaliza nyama yonse ya pachifuwa, wakhala pansi n'kuyamba kusamba kumaso. Ine misozi ngati mwana. Lembani kuti adya naini koloko, kuti m'kope loyera lija mudzakhaleko choona chimodzi.

Kagawidwe:
Matironi, chifuwa ndi nthutumba, imene pakhomo pano ndi ya mwininyumba
Jekeseni, ntchafu imodzi, ina ya mawa
aMbewe, mutu, khosi, mapazi
ine, msuzi wotuwa
Tadala, palibe

Cha m'ma leveni, nthungululu kumsewu. ANachisale, akuthamanga, ndodo palibe. Eliza wachira! Mwana wamwamuna, wamkulu ngati dzungu.

Ndafunsa: makutu ali bwanji? Akuti awiri. Akulira bwanji? Akuti ngati mwana. Kumbuyo mwamuyang'ana bwino? Apa aNachisale andiyang'ana nthawi yaitali. Ndati ndikungofunsa, ndine mayi wa nesi.

Mtima utangoyamba kukhala pansi, awonjezera. Akuti anamwino adabwa ndi mphamvu za Eliza, koma iwo akudziwa kumene zachokera. Mawa apereka umboni m'tchalitchi, wa mawondo ndi wa mdzukulu. Tikaweruka amayi onse abwera kuno kudzamuthokoza Tadala pamaso, n'kumupempha aziwagulira mwezi ndi mwezi.

Ndati asavutike, mwanayo ndi wamanyazi. Akuti kuthokoza si kuvutika.

Pochoka anunkhiza m'mwamba. "Mwapha nkhuku?" Ndati ndi ya aMbewe, nesi wawaletsa mchere. AMbewe agwedeza mutu mwachisoni, sanachite kuyerekeza.

Pulani yomaliza. Mawa aMbewe atsala kunyumba, adwala chifuwa chija. Ine ndituluka m'tchalitchi ulaliki usanathe, ndikamudikira Tadala pamphambano, ndimuuza zonse tili awiri. Andikalipire panjira, osati pakhomo. Amphaka tiwatulutsira pawindo la kuseri, m'dengu, amayi asanafike.

Kope loyera sitinalembe. AMbewe akuti dzanja lawo lazolowera zoona. Kalaliki wa fodya!

Lamulungu

Sindinatuluke. Umboni aupereka ulaliki usanayambe. ANachisale andiitana kutsogolo, andigwira dzanja, alikweza m'mwamba, osalisiyanso mpaka pemphero lomaliza. Adumpha kawiri kuti mpingo uone mawondo. Anthu m'manja. Abusa akuti nawonso msana umawavuta.

Tabwera kunyumba tonse, pamzere, tikuimba. Ine pakati ngati mkwatibwi, kapena ngati mbuzi ya pamaliro.

Njinga yamoto ili kale pabwalo. Tadala wafika msanga. AMbewe aima pakona ngati mtengo wouma. Iye wakhala pakhonde, Matironi pamiyendo, Jekeseni paphewa, poyera, dzuwa likuswa mtengo. Pambali pake thumba latsopano la ku Lilongwe, lonyezimira. Pathumbapo nkhope ya mphaka, yaikulu ngati lichero.

Nyimbo yafa yokha, mmodzimmodzi.

Tadala wagwada, wapereka moni kwa aliyense, mwaulemu monga ndinamulerera. Kenako wang'amba thumba, wathira m'mbale. Tofiirira. Tating'ono. Amphaka aweramira. Kukutu, kukutu. Liwu lomwe lija la Lachinayi. Palibe amene sanalizindikire.

Ine ndikuyang'ana nyerere.

ANachisale awerama, atola kamodzi kogwera pansi. Anunkhiza. Ayang'ana thumba. Ayang'ana amayi amene amawaombera m'manja posachedwapa. Akonza duku.

"Chithunzi si kanthu," akutero. "Pa machesi pali kambuku. Munamuonapo kambuku akusonkha moto?"

Amayi onse pamodzi: "Eee, zoona."

ANachisale atembenuka. "Koma iwe Tadala, usamawononge. Zinthu zothandiza anthu, iwe kumapatsa amphaka? Ntchito isakupusitse, mwanawe."

Tadala wandiyang'ana. Ine nyerere. Wayang'ana chitini chopanda kanthu pawindo. Wati, "Ndamva, amayi." Wadziluma mlomo kuti asaseke.

Za ufiti palibe wanena. Anganene ndani? Woyamba kutchula amphaka m'mudzi muno ayenera kutchulanso zimene anatafuna. Abalalika msangamsanga, aliyense wakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Zogula mwezi ndi mwezi palibe wazikumbutsa.

Atapita, Tadala wafunsa kope. Ndati linanyowa. AMbewe alitulutsa m'malaya, louma. Wawerengera pakhonde pomwepo. Pa Lachiwiri wagwira pakamwa. Pa Lachinayi wagwa pamkeka, miyendo m'mwamba, nesi wa boma! Pa Loweruka wasiya kuseka. Wati, "Tambala wanga uja, amayi?" Ndati inde. Wandigwira dzanja, mkono wa mabala uja, wauyang'ana monga ayang'anira odwala ake.

Akuti palibe afe, palibe amere mchira, koma si chakudya cha anthu, tisiye. Polankhula amayang'ana abambo ake. Akuti ndikanamuuza Lachisanu pafoni. Akutinso Matironi wanenepa.

Wanenepa. Chimenecho mulembe ndi zilembo zikuluzikulu.

Mwana wanga wadyera nkhwani wotendera ndi soya pisi, ndiwo zimene mphaka wake anafuna kukwirira. Wanyamuka ndi dengu lake ndi thumba lake. Kope wasiya, akuti tilimalize tokha. Nyumba yakhala zii. Ndalowa m'chipinda, ndasuzumira pansi pa bedi, sindikudziwa chifukwa chake.

Kumjigo mawa ndipita, ndilibe kwina kotunga. Palibe adzaseke, palibe adzaiwale. Abusa ndi msana wawo aziona okha. Anthu atatu aja akudikirabe simenti ya pakhonde.

Dzuwa lisanalowe, kugogoda kukhomo la kukhitchini. ANachisale, okha, ndodo ili m'manja, kakapu kobisa m'chitenje. Sakundiyang'ana.

"Amake Tadala, mawondo saona chithunzi."

Ndati thumba lapita ku boma. Aima pomwepo, osasuntha. Kenako kumbuyo kwanga ndamva jekete la kutchalitchi likubwera, likulira tswatswa.

Lembani, aMbewe. Ndi dzanja lomwelo.